Soundbar, risiva ya matchanelo 5 kapena ya 7: iti ikuyenera chipinda chanu?

Anthu ambiri amayamba kufunsa za risiva, bokosi logawa saundi ku masipika apadera, atatopa ndi vuto limodzi. Filimu ili mkati, anthu awiri akunong'onezana nkhani yofunika, inu simukumva kanthu. Mukweza voliyumu, pompo galimoto iphulika, mwana amene anagona kuchipinda n'kudzuka. Ma TV a masiku ano ndi opyapyala kwambiri moti mulibe malo oikamo masipika enieni, ndipo timasipika take timaloza pansi kapena kukhoma. Njira zokonzera zimenezi zilipo zingapo, iliyonse ili ndi munthu amene imamuyenera, ndipo maganizo anga ndi akuti chipinda chanu ndicho chiyenera kusankha, bokosi logulitsiramo lisakusankhireni.

Risiva imagwira ntchito zitatu. Imalandira zingwe za zonse zimene muli nazo, kaya dikoda, chosewerera Blu-ray, PlayStation kapena kabokosi koonera mafilimu a pa intaneti. Imatumiza chithunzi ku TV. Kenako imamasula saundi ya Dolby kapena DTS, mitundu imene saundi ya mafilimu imasungidwira, kuigawa m'matchanelo, n'kuipatsa mphamvu zoyendetsera masipika. Manambala amene mumawaona amanena za kugawaku. Pa 5.1, nambala yoyambayo ndi masipika a pa mlingo wa khutu: ya kumanzere, ya pakati, ya kumanja, ndi awiri a m'mbali chakumbuyo. Yachiwiriyo ndi subwoofer, sipika ya besi. Mukaona 5.1.2, yachitatuyo ndi masipika a kudenga, amene anabwera ndi Dolby Atmos, mtundu wa saundi umene umamveketsanso mawu kuchokera kumwamba. Atmos inayamba m'nyumba zoonetsera mafilimu mu 2012, inafika m'makomo mu 2014, ndipo DTS:X, yopikisana nayo, inatsatira mu 2015.

Njira zimene zilipo

Yoyamba ndi kusagula risiva n'komwe. Soundbar, ndodo ya masipika yoikidwa pansi pa TV, ikakhala yabwino yokhala ndi subwoofer yake imathetsa vuto la mawu osamveka tsiku lomwelo, ndi chingwe chimodzi. Ngati mumakhala m'nyumba ya lendi momwe simungaboole makoma, kapena ana amathamanga pakati pa chipinda pomwe mawaya akanadutsa, musachite manyazi, gulani soundbar. Kungoti masipika ake onse ali mu ndodo imodzi yotalika mwina mita imodzi, choncho kumanzere ndi kumanja sikutalikirana mokwanira, ndipo mawu ooneka ngati akuchokera m'mbali amadalira kugunda khoma n'kubwerera. Chipinda chikakhala chotseguka mbali imodzi, zimenezi zimathera pomwepo. Komanso zonse zili m'chinthu chimodzi: chikafa kapena chikatha fasho, mumataya zonse. Masipika apadera amatha kukhala zaka 20 akuimba bwino, inu n'kumangosintha risiva.

Yachiwiri ndi ampulifaya ya masipika awiri yokhala ndi bowo la HDMI ARC, limene limalandira saundi yochokera ku TV. Iyi ndi ya munthu amene nyimbo ndiye moyo wake, filimu ndi ya apo ndi apo. Masipika awiri abwino, oikidwa bwino, amachititsa mawu a wolankhula kumveka ngati akutuluka pakati penipeni pa TV. Koma zimenezi amazimva amene wakhala pakati yekhayo. Amene wakhala kumapeto kwa sofa, mawu onse amathawira ku sipika imene ili pafupi naye, ndipo palibe njira yokwezera olankhula okha n'kusiya kuphulika kuli momwemo.

Apa ndi pamene risiva imapambanira, chifukwa cha sipika ya pakati. M'mafilimu, pafupifupi zolankhula zonse zimaikidwa m'tchanelo chimenechi. Mukakhala ndi sipika yakeyake, mawu amakhazikika pa TV kulikonse kumene mwakhala, ndipo mungathe kuikweza payokha. Ndikanati ndiuze munthu chifukwa chimodzi chogulira risiva, ndikananena chimenechi, masipika a kumbuyo akanabwera pambuyo.

Risiva ya matchanelo 5 ndiyo yotsika mtengo pa onse, ndipo m'chipinda chaching'ono imakwanira ndithu. Ambiri mwa marisiva amenewa alibe Atmos. Ochepa amene ali nayo amakulolani 3.1.2 yokha, kutanthauza kuti mukafuna masipika a kudenga mutaye a m'mbali, kusinthanitsa kumene ine sindikuvomereza. Amakhalanso ndi njira yotsika kwambiri yoyezera chipinda, nkhani imene ndifikapo. Ngati mukudziwa mumtima kuti simudzakwera makwerero kukapachika sipika kudenga, musalipirire matchanelo amene adzangokhala.

Risiva ya matchanelo 7 ndi imene ndimalangiza anthu ambiri. Muyenera kudziwa kuti matchanelo 7 amenewa mungawagawe mwina 7.1 mwina 5.1.2, osati zonse nthawi imodzi. Chosankhira ndi sofa yanu. Ikakhala yogunda khoma, masipika awiri a kumbuyo kwenikweni alibe poima, adzangokulirirani m'khutu, ndiye matchanelo awiriwo apite kudenga. Kumbuyo kwa sofa kukakhala mpata wa mita imodzi kapena kuposerapo, 7.1 imamveka bwino. Za kudengazi, pali timasipika tina timene timaikidwa pamwamba pa masipika a kutsogolo, tikuloza kumwamba, kuti mawu agunde siling'i n'kutsikira pa inu. Timafuna siling'i yafulati, yolimba, yosatalika kwambiri. Denga lopendekeka kapena la mitanda yoonekera limamwaza mawuwo, ndipo ngakhale siling'i ili bwino, sitifika pa sipika yeniyeni yoikidwa kudenga kapena pamwamba pa khoma. Chinanso, musatengeke ndi .2 wa pa 7.2. Pa marisiva ambiri otsikirapo, mabowo awiri a subwoofer amatulutsa chinthu chimodzi chomwecho. Okwererapo okha ndi amene amayeza ndi kukonza subwoofer iliyonse payokha.

Kuyambira pa matchanelo 9 mumapeza 5.1.4 kapena 7.1.2. Masipika anayi kudenga ndi pamene Atmos imaonetsa chimene ili, chifukwa ndege imatha kuchokera kutsogolo n'kudutsa pamutu panu kupita kumbuyo, pomwe awiri amangokuuzani kuti kumwamba kuli kanthu. 7.1.4 imafuna matchanelo 11, ndipo marisiva ambiri a 9 amatha kuwerengera onse 11 mukawonjezera ampulifaya ya matchanelo awiri kudzera m'mabowo olembedwa pre-out. Mabowo amenewa ndi abwino kukhala nawo ngati mukuganiza zodzakuza mtsogolo. Kupitirira apo kuli kugula pulosesa, bokosi lomasula ndi kugawa saundi basi, payokha ndi maampulifaya paokha, zimene zimayenera chipinda chomangidwira mafilimu basi, ndipo amene wafika pamenepo sakusowa malangizo anga.

Nanga risiva yogwiritsidwapo kale ntchito? Mbali ya ampulifaya simakalamba msanga, koma mbali ya HDMI imakalamba mofulumira. Marisiva ambiri opangidwa isanafike 2015 alibe HDCP 2.2, loko imene mafilimu a 4K amafuna, choncho mukadutsitsa chithunzi mwa iwo mudzapeza mdima kapena chithunzi chotsika. Pothawira pake ndi kubaya zonse ku TV, saundi yokha n'kuitumiza ku risiva kudzera pa ARC kapena pa chingwe cha optical. Optical imanyamula Dolby Digital ndi DTS wamba mpaka 5.1, koma sinyamula Atmos, Dolby TrueHD kapena DTS-HD Master Audio. Kwa amene akufuna 5.1 yokha, iyi ndi njira yanzeru, ndipo ndalama zotsalazo zipite ku masipika. Musanatenge, mverani tchanelo chilichonse, yesani bowo lililonse la HDMI, funsani rimoti ndi kamaikolofoni koyezera chipinda kamene kanabwera nayo, pakuti ka kampani ina sikapereka muyeso wolondola. Onaninso kumbuyo ngati ndi ya magetsi a 110 mpaka 120 V kapena a 220 mpaka 240 V, chifukwa marisiva ambiri amalandira mtundu umodzi wokha.

Ma watt, HDMI, ndi kamaikolofoni

Nambala imene imalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu ndi imene ndimaikhulupirira pang'ono pa zonse. Kampani ikhoza kulemba ma watt ambiri itayeza tchanelo chimodzi chokha, pa ma ohm 6 (ohm ndi muyeso wa momwe sipika imakanira magetsi), pa liwu limodzi la 1 kHz, mawu atasasa kale mpaka 10 peresenti. Nambala yoyenera kuyerekeza ndi imene ili m'tizilembo ting'onoting'ono: matchanelo awiri akulira pamodzi, pa ma ohm 8, kuchokera 20 Hz mpaka 20 kHz, kusasa kusanafike 0.1 peresenti. Ngakhale pamenepo, thiransifoma m'katimo ndi imodzi, matchanelo onse amagawana, ndiye onse akamalira nthawi imodzi chilichonse chimalandira zochepa kuposa zolembedwazo.

Ndipo kusiyana kwa ma watt kumamveka pang'ono kuposa momwe timaganizira. Kuchoka pa 50 kufika pa 100 kumangowonjezera 3 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu), kukwera kumene khutu limakumva koma mosadabwa. Kuti saundi imveke ngati yakwera kawiri pamafunika 10 dB, ndiye kuti mphamvu kuchulukitsa ka 10. Choncho risiva ya 80 ndi ya 95 ndi pachibale. Sipika ndiyo imasintha zinthu: yolembedwa 90 dB imafuna theka la mphamvu zimene ya 87 dB ingafune kuti zimveke mofanana. Kugula risiva yamphamvu n'kuilumikiza ku timasipika tofooka kuli ngati kumangirira injini ya lole pa njinga. Chimodzi choyenera kusamala ndi masipika a ma ohm 4, amene amakoka magetsi ambiri ndipo amatenthetsa risiva yosakonzedwera zimenezo. Werengani buku lake.

Pa HDMI, funso lalikulu ndi la ARC ndi eARC, njira zimene TV imabwezera saundi ku risiva pa chingwe chomwecho chimene chabweretsa chithunzi. ARC inabwera ndi HDMI 1.4 mu 2009. Imanyamula Dolby Digital, ndipo pa ma TV ambiri imanyamulanso Dolby Digital Plus, imene makampani a mafilimu a pa intaneti monga Netflix amatumiziramo Atmos. Ngati mumaonera zimenezo zokha, ARC ikhoza kukukwanirani. eARC inabwera ndi HDMI 2.1 mu 2017, ndipo imanyamula saundi yosafinyidwa ya pa Blu-ray, TrueHD ndi DTS-HD. Pogula yatsopano, ndimati eARC ikhalepo basi, chifukwa imakumasulani: tsiku limene risiva idzalephere kudutsitsa chithunzi cha mtundu watsopano, mudzangobaya chipangizocho ku TV, saundi n'kubwerera yathunthu.

Osewera magemu ayang'anitsitse. PlayStation 5 ndi Xbox Series X, zimene zinatuluka mu 2020, zimatha kupereka 4K pa 120 Hz, ndiye kuti zithunzi 120 pa sekondi, ndipo zimenezi zimafuna HDMI 2.1. Marisiva ena oyambirira a chaka chimenecho ankazimitsa chithunzi akalandira 4K ya 120 Hz kuchokera ku Xbox, vuto limene linakonzedwa pa otsatira ake, ndiye samalani pogula akale a nthawi imeneyo. Werenganinso kuti ndi mabowo angati amene ali ndi liwiro limeneli, pakuti pa ena ndi limodzi lokha. Tsimikizani kuti imadutsitsa mtundu wa HDR (njira yowonjezera kuwala ndi mitundu pa chithunzi) umene TV yanu imagwiritsa ntchito, Dolby Vision kapena HDR10+. Za 8K musataye nazo tulo.

Chimene chimasiyanitsadi marisiva a msinkhu umodzi ndi kamaikolofoni kaja ndi pulogalamu imene ili kumbuyo kwake. Chipinda chimasintha saundi kuposa ampulifaya iliyonse. Makoma amabweza besi, pena n'kuiunjika mpaka mawindo kunjenjemera, pena n'kuifafaniza, moti kusuntha mutu theka la mita kumasintha zonse. Risiva imaliza timaphokoso pa sipika iliyonse, kumvetsera, n'kuwerengera mtunda, kukwera kwa mawu, ndi malo amene chipinda chikuwonjezera kapena kuchotsa. Denon ndi Marantz amagwiritsa ntchito Audyssey, imene ili pa masitepe atatu, MultEQ, MultEQ XT ndi MultEQ XT32, ndipo yomalizayo imakonza besi mosamala kwambiri kuposa zinazo. Yamaha ali ndi YPAO, imene pa marisiva otsika imayeza malo amodzi okha, pa okwera n'kuyeza malo angapo. Pioneer ali ndi MCACC, Onkyo ali ndi AccuEQ, ndipo marisiva awo ena okwererapo amabwera ndi Dirac Live. Dirac imafuna foni kapena kompyuta komanso kudekha, koma imakonza ndi nthawi imene mawu amafikira kukhutu, ndipo imakulolani kujambula nokha momwe mukufunira kuti saundi imvekere. Pa marisiva ena a Denon ndi Marantz imagulidwa padera. Marisiva awiri akakhala patsogolo panu, ina ya ma watt ochulukirapo, ina yoyeza chipinda bwino, tengani yachiwiriyo.

Kuika ndi kukonza

Pano kuthamanga sikufika. Masipika a kutsogolo akhale pa madigiri 22 mpaka 30 mbali iliyonse kuchokera pomwe mumakhala, kasipika kakang'ono ka mawu osongoka kali pa mlingo wa khutu mutakhala pansi. Njira yachidule: mtunda wa pakati pa masipika awiriwo uyandikire mtunda wochokera pa sipika kufika pa inu. Ya pakati ikhale pansi kapena pamwamba pa TV, kumphepete kwenikweni kwa shelefu, itapendekekera kumaso kwanu. Mukaikankhira m'kati mwa kabati, mawu a anthu amamveka ngati akulankhulira m'bokosi, ndipo palibe pulogalamu imene ingawatulutsemo. A m'mbali pa 5.1 akhale pa madigiri 110 mpaka 120, ndiye kuti pambali panu chakumbuyo pang'ono, pamwamba pang'ono pa khutu. Ambiri amawaika kukhoma lakumbuyo kwenikweni, kapenanso kuwandandika onse asanu pafupi ndi TV chifukwa waya wachepa, ndipo pamenepo mwagula risiva kuti igwire ntchito ya soundbar.

Subwoofer ili ndi kachitidwe kake kamene ndimakakonda. Ikwezeni pampando pomwe mumakhala, ikani nyimbo ya besi yoyendayenda, inu mukwawe m'mphepete mwa makoma khutu lili pafupi ndi pansi. Mudzamva pena besi ikungoti duu, liwu limodzi lokha, pena yasoweratu, ndiye penapake liwu lililonse likumveka palokha, lolimba. Pamenepo ndi pamalo pake. Pakona imamveka mokweza koma kawirikawiri imachita chibumi.

Mawaya a masipika safuna matsenga. A kopa a 1.5 mm² amakwanira pa mtunda waufupi, a 2.5 mm² pa wautali wopita kumbuyo. Lumikizani risiva ili yozimitsa, chofiira ku chofiira, chakuda ku chakuda, mbali zonse ziwiri. Mukatembenuza pa sipika imodzi, besi imafooka ndipo mawu amasowa pokhazikika. Potani bwino timawaya ta kunsonga, chifukwa kamodzi kokha kakakhudza chitsulo cha kumbuyo kapena waya mnzake, risiva imadzizimitsa yokha, inu n'kumaganiza kuti mwagula yakufa. Ipatseninso mpweya. Imatentha, ndipo kutenthako kumatulukira pamwamba, ndiye musasanjikepo dikoda kapena kuitsekera m'kabati yopanda mpata.

Poyeza, kamaikolofoni kakhale pa choimikira pa mlingo wa khutu, kakuloza kudenga. Musakagwire m'manja, musakakhazike pa tsamiro la sofa. Zimitsani fani ndi chilichonse cholira, tsekani zitseko, inu muchoke pakati pa sipika ndi maikolofoni. Muyeso woyamba ukhale pampando wanu weniweni, enawo mozungulira pafupi, osapitirira masentimita 60, ndipo yezani malo onse amene risiva yapempha. Pa subwoofer, batani la crossover, malire ogawa besi pakati pa subwoofer ndi masipika ena, litembenuzireni kumapeto kwa nambala yaikulu kapena bayani pa bowo lolembedwa LFE, kuti risiva ikhale yokha yogawa besi.

Ikamaliza, lowani mukaone zimene yalemba, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amasiyira panjira. Kawirikawiri imalemba masipika a kutsogolo kuti Large. Ngati muli ndi subwoofer, asintheni akhale Small, ngakhale atakhala aatali ofika m'chiuno. Mawuwo sakunyoza sipika yanu, akungotanthauza kuti besi yozama ipite ku subwoofer, imene ili ndi ampulifaya yakeyake, ndipo risiva imapepukidwa katundu wolemetsa pa onse. Crossover yambirani pa 80 Hz, muyezo umene kampani ya THX inakhazikitsa. Risiva ikalemba 40 kapena 60, kwezani mufike pa 80. Ikalemba 120 pa timasipika ting'onoting'ono, isiyeni, yaona kuti sitingatsike kuposa apo. Pomwe palembedwa LPF ya LFE pakhale 120 Hz. Mudzaonanso kuti mtunda wa subwoofer walembedwa wautali kuposa umene tepi ikuonetsa. Musakonze. Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, ndipo zamagetsi za m'kati mwa subwoofer zimachedwetsa pang'ono, ndiye risiva yawerengera kuchedwako ngati mtunda. Koma mlingo wa subwoofer ukagunda pansi penipeni, monga -12 dB pa Audyssey, ndiye kuti inali yokwera kwambiri: tsitsani batani lake, muyezenso.

Chatsala ndi TV. ARC imafuna kuti HDMI-CEC, njira imene TV ndi risiva zimalamulirana pa chingwe cha HDMI, ikhale yoyatsa, ndipo kampani iliyonse inaipatsa dzina lake: Anynet+ pa Samsung, SimpLink pa LG, Bravia Sync pa Sony, Viera Link pa Panasonic. Chingwe chibayidwe pa bowo lolembedwa ARC kapena eARC mbali zonse ziwiri. Pa zosankha za saundi yotuluka, ikani Passthrough, Bitstream kapena Auto, chifukwa PCM pa ARC wamba imatumiza matchanelo awiri okha. Ikani filimu imene mukudziwa kuti ndi ya 5.1 kapena Atmos, muyang'ane kagalasi ka patsogolo pa risiva. Kakalemba Dolby Digital, Dolby Atmos kapena DTS, zili bwino. Kakalemba Stereo kapena PCM 2.0, penapake patsekeka, ngakhale masipika onse akulira, pakuti risiva imatha kumwaza matchanelo awiri m'masipika onse. Ma TV ena sadutsitsa DTS n'komwe, ndiye chosewerera Blu-ray ndi bwino chibayidwe ku risiva mwachindunji. Milomo ikamasiyana ndi mawu, pali pokonzera polembedwa Audio Delay kapena Lip Sync.

Mukatha zonsezi olankhula akadali pansi, kwezani tchanelo cha pakati ndi 2 dB, mwina 3, osapitirira apo, chifukwa galimoto yodutsa kuchokera kumanzere kupita kumanja imayamba kulumpha ikafika pakati. Usiku yatsani chimene chimachepetsa kusiyana kwa mawu otsika ndi okwera, chimene Audyssey imachitcha Dynamic Volume, Yamaha Adaptive DRC, ena Night Mode. Masana, pamene palibe wogona, chizimitseni, chifukwa chimaphwanyanso mphamvu ya filimu imene munagulira subwoofer ija.